Mmene mungapezere overclock yokhazikika pa khadi la graphics

Mwakweza liwiro la khadi, mwayendetsa benchmark (pulogalamu yoyesa mphamvu ya khadi n'kupereka mapointi), yadutsa bwinobwino ndipo mapointi akwera. Madzulo mukusewera gemu, patatha ola limodzi sikirini ingoti bii kwa masekondi awiri, kenako mwapezeka muli pa desktop, gemu yatsekeka. Zoterezi zimagwera pafupifupi aliyense amene wangoyamba kumene overclock, kutanthauza kukweza liwiro la khadi kupitirira limene linabwera nalo, ndipo inenso zinandigwera. Nambala yaikulu imene khadi lingadutse nayo mayeso a mphindi zitatu imasiyana ndi nambala imene lingagwire nayo ntchito miyezi yambiri osadodoma. Tikufuna yachiwiriyo, ndipo kuti muipeze pafunika kudekha kuposa luso.

Muyambe mwadziwa kukula kwa phindu limene mukulifuna. Makhadi a masiku ano amadzikweza okha. Kuchokera mu 2012, pamene NVIDIA inatulutsa GTX 680 yokhala ndi GPU Boost, khadi limayang'ana kutentha kwake, magetsi amene likudya ndi voltage, n'kumasankha lokha liwiro mphindi iliyonse. Makhadi a Radeon a AMD amachitanso chimodzimodzi. Pa RTX 3060 analemba kuti boost yake ndi 1777 MHz, koma mu gemu mudzaiona ikuyenda kufupi ndi 1900 MHz inu musanagwire kalikonse. Choncho mpata wokutsalirani ndi wochepa. Kawirikawiri phindu limagwera pakati pa 5 ndi 10 peresenti, kutanthauza kuti gemu yoyenda mafelemu (zithunzi) 60 pa sekondi ifika 63 kapena 66. Kwa ine amenewo ndi mafelemu aulere ndipo ndi oyenera madzulo awiri kapena atatu a ntchito, bola munthu asayembekezere kuti khadi lakale lisanduka latsopano.

China ndi ichi: makhadi awiri a mtundu umodzi, ochokera mufakitale imodzi, sapirira mofanana. Chip iliyonse imatuluka ndi mphamvu zake, n'chifukwa chake anthu amati silicon lottery. Mukaona wina walemba kuti lake linafika +200 MHz pa core, imene ndi chip yaikulu ya khadi, musakopere nambala yakeyo. Lanu mwina liima pa +90, mwina lipitirira lake.

Zida ndi kukonzekera

Pulogalamu imene ambiri amasinthira manambala ndi MSI Afterburner, ndipo imagwira pa makhadi a makampani ambiri, osati a MSI okha. Imabwera limodzi ndi RivaTuner Statistics Server, imene imaonetsa liwiro, kutentha ndi mafelemu pakona pa sikirini gemu ili mkati. Afterburner muitenge pa tsamba la MSI kapena la Guru3D basi, chifukwa pa intaneti pali masamba achinyengo ogawa mafayilo a dzina lomwelo okhala ndi mavairasi. Ngati khadi lanu ndi Radeon, zonse zili kale mu AMD Software: Adrenalin Edition, pa Performance kenako Tuning. Muonjezere GPU-Z kapena HWiNFO64 zoonera zimene zikuchitika mkati. Zoyesera mukhale nazo ziwiri kapena zitatu: Unigine Superposition, 3DMark Time Spy ndi OCCT. Koposa zonse mukhale ndi magemu amene mumasewera tsiku ndi tsiku, chifukwa chigamulo chomaliza n'chawo.

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, zimitsani kompyuta, chotsani chingwe kukhoma, tsegulani bokosi muchotse fumbi pa mafani ndi pa tizitsulo toziziritsa. Fumbi lokha limatha kudya liwiro loposa limene mukufuna kuwonjezeralo. Yang'ananinso zingwe za magetsi zolowa mu khadi. Kabowo ka PCIe pa motherboard kamapereka mawati 75, chingwe cha mapini 6 chimapereka 75, cha mapini 8 chimapereka 150. Ngati khadi lili ndi malo awiri a mapini 8, ndi bwino kukokera zingwe ziwiri zosiyana kuchokera ku power supply m'malo mwa chingwe chimodzi chamitu iwiri. Ngati lili ndi pulagi ya mapini 16 ija ya makhadi atsopano, ikankheni mpaka imveke kuti yalowa, pasatsale kampata ngakhale kakang'ono, ndipo musapinde chingwe pafupi ndi pulagiyo.

Ngati munakweza kale CPU kapena RAM ndipo simunaziyese mokwanira, zibwezereni pa manambala ake oyamba kaye. Kompyuta ikagwa, muyenera kudziwa kuti wolakwa ndi mmodzi yekha. Pa chifukwa chomwechi, musasinthe driver (pulogalamu imene Windows imayendetsera khadi) ntchito ili pakati.

Tsopano tengani pepala ndi cholembera. Yendetsani Superposition kapena Time Spy katatu khadi lili mmene linabwerera, mulembe mapointi onse atatu, liwiro la core khadi litatentha, kutentha kwake, ndi mawati. Mapointi atatuwo sadzafanana ndendende, ndipo kusiyana kwawoko n'kofunika kukudziwa. Ngati amasiyana ndi mapointi 40 popanda kusintha kanthu, ndiye kuti kukwera kwa mapointi 30 pambuyo pake si phindu ayi. Pa GPU-Z, pa Sensors, pali mzere wotchedwa PerfCap Reason umene umaulula chimene chikumanga khadi la NVIDIA: Pwr ndi malire a magetsi, Thrm ndi kutentha, VRel ndi malire a voltage. Mukaona Thrm musanayambe n'komwe, konzani kaye kayendedwe ka mphepo m'bokosi, overclock ibwera pambuyo.

Power limit ndi mafani

Apa mpachangu. Mu Afterburner kokerani Power Limit, malire a magetsi amene khadi limaloledwa kudya, kumapeto n'kudina Apply. Malire ake anaikidwa kale mu BIOS ya khadi ndi amene analipanga, ndiye simungapitirire zimene iwo analola. Makhadi ena amalola 110 kapena 120 peresenti, ena amakana kupitirira 100. Mukatero yendetsani benchmark kamodzi mulembe, chifukwa pa makhadi ena sitepe yokhayi imabweretsa gawo labwino la phindu lonse.

Mafani akwezeni pang'ono kufika pa phokoso limene mungapirire masiku onse, osati 100 peresenti. Mukayesa mafani ali pa 100 koma n'kumasewera ali pa 50, mwayesa khadi lina n'kusewera ndi lina. Makhadi ambiri a NVIDIA amayamba kudzibweza kwambiri akafika madigiri 83, komabe ngakhale pansi pa pamenepo amatsitsa liwiro pang'onopang'ono akamatenthera. Slider ya Core Voltage musaigwire. Imawonjezera kutentha kochuluka, phindu lake n'kukhala lochepa kapena losaoneka.

Core

Nambala ya memory ya khadi mu Afterburner ikhale pa 0. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lamulo limeneli musaliphwanye ngakhale mutatopa.

Pa makhadi a RTX 20, 30 ndi 40 liwiro limayenda m'masitepe a 15 MHz, pa GTX 10 pafupifupi 13 MHz, ndiye kulemba +7 n'kudzivutitsa chabe. Yambani ndi +45, dinani Apply, yendetsani benchmark, lembani. Ikadutsa onjezani 30. Mukapitirira +100 muziwonjezera 15 basi. Pa Radeon monga a RX 6000 simulemba chowonjezera koma Max Frequency yeniyeniyo, ndipo mukhoza kumakweza ndi 25 kapena 50 MHz pa sitepe.

Benchmark ikamayenda maso akhale pa sikirini, osati pa foni. Mukufunafuna timadontho towala tong'anima, timizere todutsa, timabokosi ta mitundu yachilendo, kapena ngodya ya chinthu yotambasuka ngati munga wautali. Amenewa ndiwo ma artifact, ndipo ngakhale kamodzi kokha n'kokwanira kunena kuti sitepe imeneyo yalephera. Nthawi zambiri core ikapyola muyeso sichenjeza n'komwe, pulogalamu imangotsekeka. Chimachitika n'chakuti Windows imadikira khadi masekondi awiri, likapanda kuyankha imayambitsanso driver. Njira imeneyi dzina lake ndi TDR. Umboni wake muupeza mu Event Viewer, pa Windows Logs kenako System: Event ID 4101 yonena kuti display driver inasiya kuyankha, ndipo pa NVIDIA dzina lake ndi nvlddmkm. Pa intaneti mudzapeza malangizo oti muwonjezere TdrDelay mu registry kuti vutoli lithe. Musatero. Kumeneko n'kutseka pakamwa mboni, pamene chip ikupitiriza kuwerengetsa molakwa.

Driver ikagwa, yambitsaninso kompyuta yonse musanayese sitepe ina. Nthawi zina khadi limatsala litakakamira pa liwiro lotsika ndipo manambala otsatira amanama. Adrenalin nayo kompyuta ikagwa imabwezera zonse pa manambala oyamba, ndiye muyenera kulembanso anu, ndipo apa pepala lija limathandiza.

Kagwedwe kake nakonso kamauza zinthu. Kompyuta yonse ikangoti zii ngati wina wasolola chingwe kukhoma, kapena ikadziyambitsanso yokha popanda uthenga uliwonse, kaikirani power supply. Makhadi akuluakulu amakoka magetsi ochuluka modzidzimutsa kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo power supply yofooka imadziteteza pozima. Zikatero kutsitsa core sikuchiza muzu wake. Bwezani Power Limit pa 100 muone ngati zisiya.

Mukapeza sitepe imene yagwa, bwererani masitepe awiri, osati imodzi. Yagwa pa +165, ikani +135.

Apa ndi pamene ine ndinakodwa, ndipo ndikufuna tikhalitsepo. Nambala imene mukulemba mu Afterburner sikweza liwiro limodzi lokha. Khadi lili ndi mzere wonse wa mfundo, iliyonse yonena kuti pa voltage yakuti liyende liwiro lakuti, ndipo +135 yanuyo imanyamula mzere wonsewo. Benchmark yolemera imadya magetsi ochuluka, choncho power limit imagwira khadi kuti likhale pakati pa mzerewo, mwina pa 950 mV. Mumayesa pamenepo maola awiri, zonse bwino. Kenako mumatsegula gemu yakale yopepuka, imene sidya magetsi ambiri, khadi limamasuka n'kukwera pamwamba penipeni pa mzere, kupitirira 1050 mV, pa liwiro limene silinayesedwepo. Langa linadutsa usiku wonse wa mayeso olemera, m'mawa mwake n'kugwa pasanathe mphindi khumi mu gemu imene ngakhale laputopu ikhoza kuiyendetsa. Ndinayang'ana pakona pa sikirini n'kuona liwiro litakwera ndi 90 MHz kuposa limene ndinkaona usiku uja, khadi lili lozizira, mafani akuzungulira pang'onopang'ono. Ndinatsitsa ndi 30 MHz ndipo silinagwenso.

N'chifukwa chake pulogalamu yoyesera ya FurMark sindiidalira pa ntchito imeneyi. Ndi yabwino poona ngati zoziziritsa ndi power supply zikupirira, koma imatentha khadi mpaka liwiro limatsika kwambiri, ndiye core yanu imadutsa mayeso pa liwiro limene simudzasewerapo. Kuti muyese pamwamba pa mzere mwadala, dinani Ctrl ndi F mu Afterburner, patseguka chithunzi cha mzere uja. Dinani mfundo imodzi ya kumtunda, mudine L, kenako Apply, khadi likakamira pa mfundo imeneyo. Yendetsani chinthu chopepuka monga Unigine Heaven, mukamaliza mudinenso L kuti limasuke. OCCT nayo ili ndi mayeso a 3D Adaptive amene amasinthasintha kulemera kwa ntchito, ndipo amagwira zolakwa zimene zimabadwa khadi likamadumpha kuchoka pa mfundo ina kupita ina.

Memory

Lembani nambala ya core papepala, muibwezere pa 0, muyambe memory payokha.

Musadabwe manambala akamasiyana pa mapulogalamu. Memory ya RTX 3060 Afterburner imaionetsa ngati 7501 MHz pamene GPU-Z imati 1875 MHz. Ndi liwiro limodzi lomwelo, kawerengedwe ndiko kosiyana. Mukamawerenga malangizo a wina, dziwani kaye kuti akuwerenga mwa njira iti.

Mu Afterburner kwezani ndi 100 MHz pa sitepe. Koma pano musadikire kuti igwe, chifukwa memory ya GDDR6 ndi GDDR6X ili ndi njira yozindikira kuti uthenga wafika wolakwika n'kuutumizanso. Mukapyola muyeso, sikirini imaoneka yoyera, palibe kugwa, koma nthawi yambiri ikuthera kubwereza, ndipo mafelemu amatsika mwakachetechete. Munthu amanyadira +1200 osadziwa kuti pa +800 khadi lake linkathamanga kuposa pamenepo. Woweruza apa ndi mapointi. Sankhani mayeso olemetsa memory, monga Superposition pa 4K Optimized, muyendetse kawiri pa sitepe iliyonse. Mapointi azikwera pang'onopang'ono memory ili pa +200, +300, +400, kenako pena pake aima, pambuyo pake ayamba kutsika. Pamene aimapo ndiye malire anu, ndipo mubwerere 100 kapena 200 MHz pansi pake. Mukatero yendetsani mayeso a VRAM (memory ya khadi) a mu OCCT kwa theka la ola. Akapeza cholakwa ngakhale chimodzi, tsitsaninso.

Ngati khadi lanu lili ndi GDDR6X, monga RTX 3080 kapena 3090, yang'anani mzere wa Memory Junction Temperature mu HWiNFO64. Memory imeneyi imatentha kwambiri ndipo pa madigiri 110 khadi limadzibweza. Ngati muli kale pafupi ndi 100 musanakweze, isiyeni memory pomwe ili. Pa Radeon yang'anani Hot Spot, kutentha kwa malo otentha koposa pa chip, imene AMD inanena kuti pa RX 5700 ikhoza kufika madigiri 110 osapyola malire, komabe kukhala kutali ndi pamenepo kumapatsa khadi mpata wothamanga.

Kuphatikiza ndi kuyesa kwa nthawi yaitali

Ikani manambala onse awiri pamodzi. Zikhoza kutheka kuti chilichonse chinadutsa pachokha koma pamodzi zikukana, chifukwa memory yothamanga imadyetsa core ntchito yambiri, ndiponso zonse zikudyera mbale imodzi ya magetsi. Pa khadi lomangidwa ndi power limit, mawati amene memory yatenga achoka ku core. Yerekezani mapointi ndi aja a papepala. Zikagwa, tsitsani core ndi 15, yesani, ndipo pokhapokha zikagwanso ndi pamene mugwire memory.

Time Spy Stress Test imazungulira maulendo 20 ndipo imati khadi ladutsa ngati mafelemu akhazikika kufika 97 peresenti. Yambani ndi imeneyo. Kenako sewerani. Sankhani magemu osachepera atatu osiyana: yolemera yatsopano, yopepuka yakale, ndi ina yogwiritsa ntchito ray tracing (njira yojambulira kuwala ndi zithunzithunzi) ngati khadi lanu lili nayo, chifukwa ray tracing imadzutsa zigawo za chip zimene mayeso ena sazikhudza, ndipo overclock zambiri zimagwera pamenepo. Iliyonse isewereni maola awiri kapena kuposa, bokosi lili lotseka monga mwa masiku onse. Ngati mumagwiritsa ntchito khadi pa Blender kapena pokonza mavidiyo, yesaninso ntchito zimenezo, ndipo kunena zoona pa ntchito yolipidwa ine ndimabwezera khadi pa manambala ake oyamba. Render ya maola asanu yofera panjira ikhoza kuononga nthawi yoposa imene phindu la 7 peresenti lingakupulumutsireni mwezi wonse.

Mu Afterburner muli batani la OC Scanner limene pa makhadi a NVIDIA limayesa mzere wa voltage lokha n'kukupatsani nambala. Limakonda kusamala kwambiri ndipo nambala yake imakhala yotsikirapo, koma ndi poyambira pabwino kwa amene alibe nthawi. Zotsatira zake nazo zidutse m'magemu atatu aja.

Ngati PerfCap Reason ikungoti Pwr

Pa khadi lotere njira imene ndimaikonda ndi undervolt. Magetsi amene chip imadya amakwera msanga kuposa voltage: kuwonjezera voltage ndi 10 peresenti kumakweza magetsi pafupifupi 20 peresenti, liwiro lili lomwelo. Kutsitsa voltage kumachita chimodzimodzi motsika. Ndiye m'malo molola khadi kukwera pamwamba pa mzere, kugunda malire a magetsi n'kubwerera, mumaliuza kuti liime pa mfundo imodzi yapakati. Siyani +135 yanu ija, tsegulani mzere ndi Ctrl ndi F, sankhani mfundo monga 900 mV. Gwirani Shift, kokani mbewa kuti musankhe mfundo zonse za kumanja kwa 900 mV, zitsitseni pansi, dinani Apply. Mzere ukhala wogona kuyambira pamenepo, ndipo khadi silidzapitiriranso 900 mV. Liwiro limakhala lokhazikika, kutentha kumatsika, mafani amachepetsa phokoso, ndipo msampha wa gemu yopepuka uja umachoka chifukwa pamwamba pa mzere sipafikidwanso. Mapointi akatsika kwambiri yesani 925 kapena 950 mV. Pa Radeon n'zosavuta kuposa apa: tsitsani slider ya Voltage ndi 10 kapena 20 mV pa sitepe, mayeso ake ndi omwe aja.

Kusunga

Sungani manambala anu pa profile 1 mu Afterburner, ndipo profile 2 ikhale ya manambala oyamba. Batani la chizindikiro cha Windows, loti manambala azilowa okha kompyuta ikayaka, musalidine mpaka patatha sabata mukusewera popanda vuto. Ngati munalidina msanga ndipo kompyuta ikugwa ikangolowa mu Windows, lowani kudzera mu Safe Mode, mmene Afterburner siyamba yokha, muichotse kapena mufufute mafayilo a mu foda yake ya Profiles. Zosintha zonsezi zimakhala mu pulogalamu, sizilembedwa mu khadi. Kusintha BIOS ya khadi kapena kulumikiza mawaya pa bolodi ndi nkhani ina, yokhala ndi ngozi yeniyeni yoononga khadi ndi kutaya waranti, ndipo sindikulangiza.

Overclock imene yakhazikika lero ikhoza kudzagwa pakatha miyezi. Driver yatsopano imasintha mmene chip ikugwirira ntchito, gemu yatsopano imalemetsa zigawo zina, nyengo yotentha imakweza kutentha kwa chipinda, fumbi limabwerera. Tsiku limene gemu idzatsekeke mosayembekezera, musathamangire kuchotsa driver kapena kuikanso Windows. Dinani profile 2, sewerani pamalo pomwe panagwerapo. Ikayenda bwino, bwererani ku profile 1, tsitsani core ndi 15 MHz, sungani, ndipo mulembe tsiku ndi nambala ya driver pa pepala lija.